Maikolofoni ndi ya yani? Za ophunzira a ku America amene amaulula pa mwambo wotsiriza sukulu kuti ndi ma gay

M'miyezi ya Meyi ndi Juni, pamene alimi a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga ali kalikiliki kukolola chimanga, sukulu za sekondale ku America zimakhala zikutseka chaka. Ndi nyengo ya mwambo wotsanzikana ndi ma finalista. Makolo amadzaza m'bwalo la mpira, ophunzira amavala mikanjo ndi zipewa, ndipo amene wapambana anzake onse pa mayeso amapatsidwa mphindi zingapo kuti ayankhule. Kawirikawiri amathokoza aphunzitsi ndi makolo n'kukhala pansi.

Koma zaka zapitazi, tividiyo tina ta m'miyambo imeneyi takhala tikuzungulira pa Facebook ndi WhatsApp mpaka kufika m'mafoni a kuno. Wophunzira akuyankhula, kenako akunena poyera kuti iye ndi gay, kutanthauza mwamuna amene amakopeka ndi amuna anzake, kapena mkazi amene amakopeka ndi akazi anzake. Nthawi zina anthu amawomba m'manja. Nthawi zina maikolofoni imangozima. Oonera ambiri amadabwa: kodi si America yomweyo imene imadzitama kuti aliyense ali ndi ufulu woyankhula? Yankho lake lagona pa funso limene makhothi a kumeneko akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 50, loti mwana akaima pa nsanja ya sukulu, mawu amene akutuluka ndi ake kapena ndi a sukulu.

Zimene zinachitika

Mu 2015, pa sukulu ya Twin Peaks Charter Academy mumzinda wa Longmont, m'chigawo cha Colorado, mnyamata wa zaka 18 amene anapambana onse analemba m'mawu ake kuti ndi gay. Mkulu wa sukulu atawerenga anamuuza kuti achotse ndimeyo. Mnyamatayo anavomera kusintha zina koma pamenepo anakana. Sanaloledwe kuyankhula konse. Choipa kwambiri pa nkhaniyi sichinachitike pa nsanja ayi: mkulu wa sukuluyo anaimbira foni bambo a mnyamatayo n'kuwauza chimene mwana wawo anali asanawauze yekha. Ngakhale munthu amene akuona kuti sukulu inali ndi mphamvu yoletsa mawuwo angavutike kuikira kumbuyo foni imeneyo. Pambuyo pake mnyamatayo anawerenga mawu ake pa pulogalamu ya pa kanema ya The Nightly Show, ndipo anamveka dziko lonse.

Mu Juni 2021 zinabwereza ku New Jersey, pa Eastern Regional High School ya ku Voorhees. Wophunzira anali atangoyamba kufotokoza za nthawi imene anaulula mmene alili, maikolofoni n'kuzima. Mkulu wa sukulu anakwera pa nsanja, n'kuchotsa pepala limene mnyamatayo ankawerenga ndi kumulozera lina limene sukulu inavomereza. Atamupatsa maikolofoni ina, iye anapitiriza mawu ake omwe aja, chifukwa anali atawaloweza pamtima. Akuluakulu a maphunzo a m'deralo anati mawu a ophunzira onse amayamba avomerezedwa, ndipo ayenera kukhudza kalasi yonse. Bwanamkubwa wa New Jersey pa nthawiyo, a Phil Murphy, anayamikira mnyamatayo poyera.

Nkhani imene inatchuka kuposa zonse ndi ya Zander Moricz, wa pa Pine View School ku Osprey, m'chigawo cha Florida, mu Meyi 2022. Mu Malichi chaka chomwecho bwanamkubwa Ron DeSantis anali atasaina lamulo loletsa kuphunzitsa za amuna kapena akazi okondana okhaokha m'makalasi oyambirira, mpaka kalasi 3. Moricz, amene anali mtsogoleri wa ophunzira a kalasi yake, anali m'gulu la anthu amene anasumira boma la Florida chifukwa cha lamuloli. Iye ananena kuti mkulu wa sukulu anamuchenjeza kuti akangotchula za nkhondo yakeyo, maikolofoni izimitsidwa. Tsikulo litafika sanatchule mawu oti gay ngakhale kamodzi. Anavula chipewa, n'kuloza tsitsi lake lopotana, n'kuyamba kusimba za mavuto a mwana wa tsitsi lopotana m'chinyontho cha ku Florida, ndi mmene anayesera kuliwongola koma osatheka. Aliyense m'bwalomo anamva chimene ankatanthauza, monga mmene nyimbo ya pamtondo imamvekera kwa apongozi ngakhale dzina lawo silinatchulidwe. Maikolofoni sinazime.

Ufulu umene uli ndi malire pa chipata cha sukulu

Ufulu woyankhula ku America umachokera pa ndime yoyamba imene inawonjezedwa ku malamulo aakulu a dzikolo mu 1791. Chinthu choyamba kuchimvetsa n'chakuti ndimeyi imamanga manja a boma basi. Imaletsa boma kutseka munthu pakamwa, koma siiletsa kampani, mpingo kapena kholo. Sukulu za boma zimawerengedwa ngati mbali ya boma, choncho zimakhudzidwa. Sukulu za mipingo ndi za anthu wamba sizikhudzidwa.

N'chifukwa chake mu 2018, pa Holy Cross High School ku Covington, m'chigawo cha Kentucky, dayosizi ya Katolika itakana mawu a wophunzira amene anapambana onse, ponena kuti anafika mochedwa komanso anali a ndale, panalibe mlandu wa ufulu woyankhula woti n'kupita nawo kukhothi. Mnyamatayo, amene ankadziwika kale kuti ndi gay, anadikira mwambo kutha, n'kukaima panja ndi chimkuzamawu chapamanja. Koma sukulu ya mpingo ikhozanso kulola ngati yafuna. Mu Epulo 2019, pa yunivesite ya Brigham Young ku Utah, yomwe mwini wake ndi mpingo wa Mormon, wophunzira wina ananena pa mwambo kuti ndi gay komanso ndi mwana wa Mulungu. Akuluakulu a pa yunivesiteyo anali atawerenga mawuwo pasadakhale n'kuwavomereza.

Pa sukulu za boma, nkhani imayambira ku Des Moines, m'chigawo cha Iowa. Mu Disembala 1965, Mary Beth Tinker, mtsikana wa zaka 13, pamodzi ndi mchimwene wake ndi mnzawo, anapita kusukulu atamanga tinsalu takuda pamkono posonyeza kudana ndi nkhondo ya ku Vietnam. Anaimitsidwa sukulu. Mu 1969 khothi lalikulu la dzikolo linagamula, oweruza 7 kwa 2, kuti mwana sasiya ufulu wake pa chipata cha sukulu, ndipo aphunzitsi angamuletse pokhapokha ngati mawu ake akusokoneza kwambiri maphunziro kapena kuphwanya ufulu wa ena.

Zikanathera pamenepo, ophunzira a ku Colorado ndi New Jersey aja akanakhala ndi mlandu wosavuta. Koma mu 1986 khothi lomwelo linati sukulu ikhoza kulanga wophunzira amene wayankhula zolaula pa msonkhano wa sukulu. Kenako mu 1988 kunabwera mlandu wa Hazelwood, wa ku Missouri, umene mkulu wa sukulu anachotsa m'nyuzipepala ya ophunzira masamba okamba za atsikana oyembekezera ndi za kutha kwa mabanja. Khothi linaikira kumbuyo mkulu wa sukuluyo. Linati pali kusiyana pakati pa mawu amene mwana akunena payekha, monga kansalu ka pamkono kaja, ndi mawu amene akudzera m'chipangizo cha sukulu moti anthu angaganize kuti sukulu yawavomereza. Pa mtundu wachiwiriwu sukulu ikhoza kusankha chotuluka ndi chotsala, bola ikhale ndi chifukwa chomveka chokhudza maphunziro.

Kusiyanaku si kwachilendo kwa aliyense amene anakhalapo pa maliro kumudzi. Munthu amene waimirira kuyankhula m'malo mwa banja amayankhula ndi pakamwa pake, koma mawuwo ndi a mbumba yonse, ndipo amayamba wagwirizana ndi akuluakulu choti akanene. Akayamba kutulutsa za kumtima kwake, amamukoka malaya. Sukulu za ku America zimati nsanja ya pa mwambo wa ma finalista ili chimodzimodzi: bwalo ndi lawo, maikolofoni ndi yawo, ndandanda ya oyankhula ailemba ndi iwo. Ophunzira ndi maloya awo amayankha kuti mwanayo sanasankhidwe kuti akhale mneneri wa sukulu, malowo anawapeza yekha ndi thukuta lake, ndipo palibe kholo limene limamva mwana akusimba za moyo wake n'kuganiza kuti akuwerenga chikalata cha boma.

Pali mfundo ina imene imapatsa mphamvu ophunzirawa. Ngati sukulu ikulola wina kuthokoza chibwenzi chake chachikazi, wina kusimba za imfa ya amayi ake, wina za umphawi umene anakuliramo, koma n'kuletsa yekhayo amene wanena kuti ndi gay, ndiye kuti sikuteteza dongosolo la mwambo koma ikusankha maganizo amene ikuwakonda. Pa malamulo a ku America, boma kusankha chotero ndi mlandu waukulu. Vuto n'lakuti makhothi a apilo a m'zigawo zosiyanasiyana sagwirizana ngati chiletso chimenechi chimagwiranso ntchito pa mawu odzera m'chipangizo cha sukulu. Motero mawu amodzimodzi akhoza kutetezedwa m'chigawo china n'kuletsedwa m'china.

Maikolofoni yomweyo inazimira wotchula Yesu

Amene amasangalala maikolofoni ikazimira mwana wonena kuti ndi gay ayenera kudziwa za ku Nevada. Mu 2006, pa Foothill High School mumzinda wa Henderson, mtsikana amene anali m'gulu la opambana anauzidwa kuti achotse m'mawu ake ndime zokamba za Yesu Khristu ndi mavesi a m'Baibulo. Pa tsikulo anazinenabe, ndipo maikolofoni inazimitsidwa. Sukulu inati ikanamulola, zikanaoneka ngati boma likulalikira, zomwe ndime yomwe ija ya 1791 imaletsanso. Mu 1992 khothi lalikulu linali litagamula kale kuti sukulu ya boma isamaitane m'busa kapena mtsogoleri wina wa chipembedzo kudzapemphera pa mwambo wa ma finalista. Mtsikanayo anasuma, anagonja ku khothi la apilo, ndipo mu 2009 khothi lalikulu linakana kumva mlandu wake.

Mizu ya milandu iwiriyi si yofanana ndendende, popeza wa ku Nevada uli ndi nkhani yolekanitsa boma ndi chipembedzo. Koma mfundo imene sukulu inapambanira ndi yomweyo, yakuti nsanja ndi ya sukulu. Ku America kuli magulu amene analira mu 2006 n'kukhala chete mu 2021, ndipo kuli ena amene anachita zosemphana ndi zimenezo. Chinakomera mbuzi kugunda galu. Mphamvu imene mkulu wa sukulu wapatsidwa kuti azimitse mawu amene anthu a m'dera lake sawakonda imakhalabe m'manja mwa womulowa m'malo, ngakhale atakhala wa maganizo ena.

Chinanso chimene akuluakulu a sukulu akhala akuchedwa kuchiona n'chakuti masiku ano m'bwalo lililonse muli mafoni mazanamazana. Mawu amene akanamveka kwa makolo a sukulu imodzi n'kuiwalika pofika madzulo amafika kutsidya la nyanja chifukwa choti wina anawadula. Mawu a ku Utah aja anadutsa popanda mkangano ndi akuluakulu. A ku Colorado ndi a ku New Jersey anasiya mayina a sukulu zawo akutchulidwa pa nkhani imodzi yokha.

Ku Florida, mlandu umene Moricz anali nawo unatha mu Malichi 2024 ndi mgwirizano pakati pa boma la chigawocho ndi odandaula. Lamulo lija silinafafanizidwe, koma zinalembedwa momveka kuti limaletsa kuphunzitsa nkhanizi ngati phunziro la m'kalasi, osati kuti wophunzira kapena mphunzitsi asatchule kuti iye kapena wachibale wake ndi gay.

Kwa okhala m'malire, pali kusiyana kumodzi kofunika kukudziwa, chifukwa tividiyoti timadutsa pa Zóbuè ndi Calómuè popanda chiphaso koma malamulo satero. Ophunzira onse atchulidwawa choopsa chachikulu chochokera ku boma chimene anakumana nacho chinali chilango cha kusukulu, monga kuzimitsidwa maikolofoni. Palibe amene akanamangidwa. Ku Moçambique, ndime 48 ya malamulo aakulu imapereka ufulu woyankhula, ndipo malamulo a milandu amene anayamba kugwira ntchito mu 2015 anachotsa ndime za m'nthawi ya Apwitikizi, za mu 1886, zimene zikanatha kugwiritsidwa ntchito polanga amuna kapena akazi ogonana okhaokha. Ku Malawi mchitidwewu udakali mlandu umene chilango chake chimafika zaka 14 m'ndende, ndipo mu Juni 2024 khothi loona za malamulo aakulu linakana kuchotsa ndimezo. Ku Zambia nakonso ndi mlandu wokhala ndi chilango cha ndende.