Chivindikiro cha Ndege: Kutseka Kolimba ndi Mpweya Wabwino

Ambiri a inu mudapangapo ndege ya waya kapena ya mapesi, ndipo ena mumalakalaka kudzapanga yeniyeni mukadzakula. Maganizo otere si achibwana ayi. Ndege ya injini imene idauluka ndi munthu pa 17 Disembala 1903 ku America idapangidwa ndi munthu ndi mng'ono wake, Wilbur ndi Orville Wright, amene ntchito yawo inali yopanga ndi kukonza njinga. M'chaka cha 2019 achinyamata 20 a ku South Africa adalumikiza okha ndege ya anthu anayi yotchedwa Sling 4, pogwiritsa ntchito zigawo zochokera ku fakitale. Ena mwa iwo adaiulutsa kuchoka ku Cape Town mpaka ku Cairo, natera m'maiko angapo panjira, kuphatikizapo Malawi.

Munthu akaganiza zopanga ndege, nzeru zake zimathamangira ku injini ndi mapiko. Koma ife lero tiphunzira za chigawo chimene ambiri sachilabadira, ndicho chivindikiro choonekera chimene chimaphimba malo okhala woyendetsa. Chivindikirochi chili ndi ntchito ziwiri zooneka ngati zotsutsana: chitsekeke zolimba kuti mphepo isachitsegule, komanso chilole mpweya wabwino kufika kwa munthu ali m'katimo. Wopanga ndege akalephera pa imodzi mwa ntchito ziwirizi, moyo wa woyendetsa uli pachiswe ngakhale injini ikhale yatsopano.

Mphepo imakokera m'mwamba

Ganizirani za chimphepo chimene chimabwera ndi mvula yoyamba. Kodi denga la malata limagwera m'nyumba kapena limanyamuka? Mukudziwa kuti limanyamuka, n'chifukwa chake anthu ena amasanjika miyala ndi njerwa padenga. Mphepo ikamathamanga modutsa pamwamba pa chinthu chokhota, imakanikiza chinthucho pang'ono pokha, pamene mpweya wodekha wa kunsi kwake ukukankhabe monga mwa masiku onse. Motero chinthucho chimakwezeka. Mphamvu yomweyi ndiyo imathandiza mapiko kunyamula ndege, ndipo popeza chivindikiro nacho ndi chokhota, mphepo imachikoka ngati ikufuna kuchizula.

Mphamvuyi imakula mofulumira kuposa liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya mphepo imawirikiza kanayi. Likawirikiza katatu, mphamvu imawirikiza kasanu n'kanayi. Ndege zazing'ono zambiri zimauluka pa liwiro la makilomita 200 pa ola kapena kuposerapo. Pa liwiro lotere chivindikiro chingakokedwe ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa matumba angapo a ufa a makilogalamu 25. Tsono munthu wokhala pampando, dzanja lina lili pa chiwongolero, sangathe kulimbana ndi mphepo yotere ndi dzanja limodzi.

Matsekedwe ake

Zivindikiro zimatseguka mosiyanasiyana. Zina zimatsetsereka chakumbuyo pa tinjanji tiwiri, zina zili ndi mahinjesi kutsogolo, zina m'mbali ngati chivindikiro cha bokosi. Ndege ya achinyamata aja inali ndi zitseko ziwiri zotsegukira m'mwamba ngati mapiko a mbalame. Chivindikiro cha mahinjesi kutsogolo chikamasuka m'mlengalenga, kawirikawiri chimangokwezeka pang'ono. Cha mahinjesi m'mbali chingathe kutseguka chonse kapena kuthyoka kumene.

Pa chifukwa chimenechi mmisiri wanzeru sadalira chotsekera chimodzi. Amaika mbedza kapena timipiringidzo tachitsulo tolowa m'mabowo mbali zonse ziwiri, toyendetsedwa ndi chogwirira chimodzi. Kenaka amawonjezera kambedza kena kodikirira, kuti chotsekera chachikulu chikamasuka ndi kunjenjemera kwa injini, kambedzako kagwire. Chogwiriracho chimapangidwa mwa njira yoti munthu aone ndi maso kuti chatsekadi, ndipo ena amaika kanyali kofiira koyaka pamene chivindikiro sichinakhale bwino. M'mphepete monse amamata mphira wofewa kuti mvula, phokoso ndi utsi zisalowe.

Mbali yoonekerayo si galasi ngati la pazenera la kalasi yanu. Ndi pulasitiki yolimba, monga ija yotchedwa Perspex, imene ndi yopepuka koma imang'aluka ikapanikizidwa. Dzuwa likatentha imafutukuka kuposa chitsulo chimene yamangidwapo. Choncho mmisiri amaboola mabowo okulirapo kuposa mabawuti ake, ndipo samanga mabawutiwo mopitirira muyeso, kuti pulasitikiyo ipeze malo osunthira. Poitsuka amagwiritsa ntchito madzi ambiri ndi nsalu yofewa, chifukwa nsalu youma yafumbi imaikanda, ndipo mikwingwirima imabisa njira pamene ndege yayang'ana kudzuwa.

Pali chinthu china chofunika kuchikumbukira. Chitseko cholimba kwa mbala chingasanduke ndende nyumba ikapsa. Ndege ikatera mwangozi m'munda nigudubuzika, woyendetsa afunika kutuluka msanga. Ndiye chifukwa chake chivindikiro chiyenera kutseguka ndi m'kati ndi kunja komwe, ndipo chogwirira chakunja chimalembedwa moonekera kuti opulumutsa asataye nthawi. Kumbuyo kwa mutu wa woyendetsa amaikako chitsulo chokhota ngati uta choteteza kuti asaphwanyike, ndipo ambiri amasunga kanyundo pafupi koswera pulasitiki ija.

Ngozi zambiri za mtundu umenewu sizichokera ku chitsulo chothyoka, koma kwa munthu woiwala. Kukatentha, woyendetsa amasiya chivindikiro chotsegula pang'ono poyenda pansi kuti azipitidwa mphepo, ndipo m'changuchangu angathe kunyamuka osatseka. Chakudza sichiimba ng'oma. Motero woyendetsa aliyense ali ndi mndandanda wolembedwa wa zoyenera kuona asananyamuke. Amauwerenga mzere ndi mzere, nakankha chivindikiro ndi dzanja kuti atsimikize. Chikatseguka ali m'mwamba, amaphunzitsidwa kuti asalimbane nacho, koma aongolebe ndegeyo, atere, ndipo atseke ali pansi. Ndege zambiri zimaulukabe chivindikiro chili chomasuka. Chimene chimagwetsa ndi mantha ndi kusiya chiwongolero.

Mpweya wa woyendetsa

Tsopano tione ntchito yachiwiri. Mudalowapo m'minibasi imene yakhala padzuwa mwezi wa Okutobala mazenera ali otseka? Kuwala kwa dzuwa kumalowa mosavuta, kumatenthetsa mipando, ndipo kutenthako kumasowa potulukira. Pansi pa chivindikiro cha ndege zimachitika chimodzimodzi, ndipo munthu wotenthedwa ndi waludzu amatopa msanga nayamba kulakwitsa. M'mamawa wozizira wa Juni vuto limakhala lina: mpweya wa m'kamwa umachita nthunzi pa pulasitiki, woyendetsa osaonanso kutsogolo.

Pofuna kuthetsa mavutowa, mmisiri amaboola tizibowo m'mbali mwa ndege, tolandira mphepo ndi kuipititsa m'timapaipi mpaka pamaso pa woyendetsa. Pakamwa pa kapaipi kalikonse pali chotsekera chimene angachipotoze kuti mphepo ichuluke kapena ichepe. Kapaipi kena kamauzira m'munsi mwa chivindikiro kuti nthunzi iume. Koma polowera pokha sipakwanira. Monga nyumba ya zenera limodzi siipita mphepo bwino, ndege nayo ifunika potulukira mpweya chakumbuyo. Ndege ikakwera, kunja kumazizira ndi madigiri 6 kapena 7 pa mamita 1,000 alionse, choncho woyendetsa amachepetsa mphepo yozizirayo natsegula ya mpweya wofunda.

Mdani wosaoneka

Apa m'pamene pali ngozi yoopsa kuposa zonse. M'ndege zazing'ono zambiri mpweya wofundawo umatenthedwa pozungulira paipi ya utsi wa injini. Paipiyo ikang'aluka, mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide umalowa m'malo a woyendetsa. Mpweyawu ndi womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka nyengo yachisanu. Ulibe mtundu, ulibe fungo. Ukalowa m'magazi umalanda malo a mpweya wabwino. Munthu amamva mutu, chizungulire, mseru ndi tulo, kenaka n'kukomoka.

Mu Januwale 2019 katswiri wa mpira wa ku Argentina, Emiliano Sala, adafa pamene ndege yaing'ono imene adakwera idagwera m'nyanja pakati pa France ndi Britain. Ofufuza adapeza mpweya woipawu wochuluka m'magazi ake. Ndegeyo inali ya ku fakitale. Ngati zotere zidachitika m'ndege ya ku fakitale, wopanga yake ayenera kusamala koposa. Tizibowo ta mphepo aziike kutali ndi potulukira utsi, atseke mipata yonse ya khoma lolekanitsa injini ndi munthu, ndipo aike m'katimo chipangizo chochenjeza. Chosavuta kwambiri ndi kakhadi kokhala ndi kadontho kamene kamada mpweya woipa ukalowa.

Dziwaninso kuti munthu saloledwa kungoulutsa ndege chifukwa waipanga yekha. Muno mu Zambia bungwe la Civil Aviation Authority ndilo limayang'anira chitetezo cha ndege ndi kuzilembetsa, ndipo chizindikiro cha ndege zolembetsedwa kuno chimayamba ndi 9J. Amene mukufuna ntchito imeneyi limbikirani masamu ndi sayansi. Sukulu ya ZASTI ku Lusaka imaphunzitsa ntchito za ndege.

Kwa aphunzitsi

Mwana aliyense agwire kapepala kakatali pansi pa mlomo wake, auzire mwamphamvu pamwamba pake, ndipo afotokoze chifukwa chake kakunyamuka. Kenaka ikani zoyezera kutentha ziwiri padzuwa, china m'botolo loonekera lotseka, china m'botolo lodulidwa mbali zonse ziwiri. Ana alembe manambala mphindi 5 zilizonse kwa theka la ora, ayerekeze. Musayese chilichonse chokhudza makala kapena utsi m'kalasi. M'malo mwake kambiranani za kuopsa kwa mbaula, ndipo ana akauze makolo awo kuti mbaula izitulutsidwa panja anthu asanagone.

Mafunso

1. Kodi n'chifukwa chiyani mphepo imakokera chivindikiro m'mwamba?
2. Liwiro likawirikiza kanayi, mphamvu ya mphepo iwirikiza kangati?
3. Tchulani zizindikiro zitatu za munthu amene wapuma carbon monoxide.
4. Kodi woyendetsa achite chiyani chivindikiro chikatseguka ali m'mwamba?

Mukapanganso ndege yanu ya waya, iikireni chivindikiro cha botolo lapulasitiki, chokhala ndi zotsekera ziwiri, polowera mphepo ndi potulukira pake, ndipo mukaonetse aphunzitsi anu.