Psoriasis ndi Khansa ya Pakhungu: Kodi Mlandu Uli pa Mankhwala?

M'chaka cha 2006 Dr. Joel Gelfand ndi anzake a ku University of Pennsylvania anafalitsa zimene anapeza atasanthula mabuku a madokotala a ku Britain, m'mene munalembedwa anthu oposa 150,000 odwala psoriasis. Imeneyi ndi nthenda yosapatsirana yotulutsa zigamba zoyabwa, zokhala ndi mamba, makamaka m'zigongono, m'mawondo ndi m'mutu. Mwa odwala kwambiri, amene ankalandira mankhwala amphamvu, khansa ya pakhungu yotchedwa T-cell lymphoma inapezeka pafupifupi kakhumi kuposa mwa anthu ena.

Munthu akamva zotere amathamangira kuloza chala mankhwala, ndipo chifukwa chake chilipo. Psoriasis imabwera pamene chitetezo cha m'thupi chayamba kulimbana ndi khungu la mwini wake. Tsono methotrexate ndi ciclosporin amachiza pochifooketsa. Koma chitetezo chomwecho ndicho chimawononga maselo a khansa asanachuluke. Amene anaona mmene Kaposi sarcoma inagwirira odwala Edzi m'Malawi sangadabwe nazo.

Komatu mlandu suli wapafupi chotero. Mtundu wofala wa khansa imeneyi, mycosis fungoides, umene dokotala Alibert anaulongosola ku Paris mu 1806, ukamayamba umafanana ndi psoriasis kotero kuti ngakhale akatswiri amasokonezeka. Pamapita zaka nthendayo isanadziwike, ndipo nthawi zina kachidutswa ka khungu kamayenera kudulidwa ndi kupimidwa kangapo. Motero ena owerengedwa ngati odwala psoriasis anali ndi khansa chiyambire. Mankhwala opaka atalephera, anayesedwa odwala kwambiri, napatsidwa amphamvu aja. Apa mankhwala sanabale khansa, ngakhale kuti angathe kuifulumizitsa, makamaka ciclosporin. Pa khungu lakuda vuto limakula, pakuti zigambazo zimatha kungoyezuka, nkuyesedwa khate kapena zipere.

Khansa imeneyi njosowa: ku America imagwira anthu pafupifupi 10 pa miliyoni pachaka, ndipo kuchulukitsa kakhumi kumangofika pa 100. Nchifukwa chake madokotala sanaleke mankhwalawa, ndipo wodwala wosiya kumwa mwa iye yekha amangodzibwezera m'mavuto. Chimene madokotala amachenjera nacho ndi zigamba za malo osafika dzuwa, monga m'matako ndi m'ntchafu, ndiponso nthenda imene ikukulirakulira munthu ali pa mankhwala. Wotereyu ayenera kupimidwa khungu asanawonjezeredwe mankhwala ena.