Woomba Ng'oma Akatsegula Pakamwa: Chrissy Zebby Tembo ndi Chimbale cha Makolo

Ndi khalidwe la anthu, kuyambira kale lomwe kufikira lero lino, kuti pa bwalo la gule maso onse amathamangira kwa wovina ndipo makutu amatsata wotsogolera nyimbo, koma munthu uja wakhala pambali, ng'oma ili pakati pa miyendo, thukuta lili kamukamu, sakumbukiridwa kufikira pamene dzanja lake laphonya. Kuno kwathu ku Nsanama, kumene manganje amagwedeza midzi pa nyengo yotulutsa anamwali, ndi kumene tchopa cha abale athu a Chilomwe chimamveka kutali usiku kukazizira, aliyense angathe kukutchulirani mayi wodziwa kuvina kapena bambo wa mawu okoma. Koma mukafunsa za amene anawamba ng'oma pamoto, naimata phula, nailiza kuyambira madzulo kufikira tambala woyamba, ambiri amangoyang'anana. Chifukwa chake ndafuna kupereka ulemu kwa woomba ng'oma mmodzi wa ku Zambia, Chrissy Zebby Tembo, amene anapatsidwa mpata wotsegula pakamwa, natisiyira nyimbo zimene ine ndimaziyesa chuma cha ife tonse olankhula Chinyanja.

Dziko la Zambia litalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, linali ndi chuma cha mkuwa chimene maiko oyandikana nalo ankachisirira, ndipo m'matauni a migodi monga Kitwe, Ndola ndi Chingola, pamodzi ndi mzinda wa Lusaka, munadzala anyamata okhala ndi kangachepe m'thumba ndi ludzu la zinthu zatsopano mumtima. Iwowa anamva nyimbo za Jimi Hendrix, Rolling Stones, Black Sabbath ndi James Brown, ndipo mmalo mongoombera m'manja za eni ake, anatola magitala nayamba kusula mayimbidwe awoawo, amene dziko lapansi likuwadziwa tsopano ndi dzina lakuti Zamrock. Pakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda, amene iye mwini ankaliza gitala, analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za ana a dzikolo; ndipo magulu monga WITCH, Amanaz ndi Musi-O-Tunya anapeza khomo lili pululu. Kuno m'dziko lathu zinthu zinayenda njira ina, pakuti bungwe lounika zofalitsa limene linakhazikitsidwa mu 1968, malamulo a kavalidwe a mu 1973, ndi chiletso cha tsitsi lalitali kwa amuna, sizinasiye malo aakulu kwa mnyamata wofuna kukuwa ndi gitala. Komabe mawu a ku Lusaka sanali achilendo m'makutu mwa makolo athu, amene kuyambira masiku a atsamunda ankamvera Alick Nkhata pa mawailesi otchipa aja opangidwa ngati sefuliya.

Mwa anyamata onse a m'badwo umenewo, panalibe wa moto woposa Paul Nyirongo, amene anthu anamdziwa ndi dzina lakuti Paul Ngozi, mwana wa m'makomboni a Lusaka wobadwa mu 1949, amene ankaliza gitala ngakhale ndi mano. Atachoka ku Musi-O-Tunya anayambitsa gulu lake la Ngozi Family, limene linatulutsa chimbale cha Day of Judgement mu 1976 ndi cha 45,000 Volts mu 1977. Ndipo m'zimbale zimenezi muli nyimbo za m'chilankhulo chathu, monga Tikondane, Kumanda Kwa Bambo Wanga ndi Nizakupanga Ngozi. Mphamvu ya gululi inakhazikika pa zida zitatu, gitala, besi ndi ng'oma, monga mphika ukhala pa mafuwa atatu, kotero kuti limodzi litagwedera, ndiwo zonse zikanathera paphulusa. Fuwa la kumbuyo, losaonekera kwa alendo koma losenza kulemera kofanana ndi anzake, linali Chrissy Zebby Tembo.

Tsono m'zaka zomwezo munachitika chinthu chimene sichichitika kawirikawiri pakati pa oyimba, amene ambiri mwa iwo amakonda ulemerero koposa chakudya: mwini gulu anabwerera m'mbuyo, nalola woomba ng'oma wake kuti atulutse chimbale m'dzina lake, iye mwini namtumikira ndi gitala. Chimbalecho ndi My Ancestors, cha nyimbo zisanu ndi zinayi, ndipo pa chikuto chake dzina la Tembo lili patsogolo, la Ngozi Family likutsatira. Akuluakulu anati patsepatse nkulanda, mwana wa mfulu apatsa yekha. Ndipo aliyense womvera chimbalechi adzazindikira kuti Paul Ngozi sanapereke monyinyirika, pakuti gitala lake likulira m'menemo ndi ukali wonse umene ankauonetsa m'nyimbo zake zomwe, mawu ake atadutsa m'kachipangizo kotchedwa fuzz, kamene kamachititsa nsambo kulira mosasa ndi mokhadzula.

Chimene chimandigwira mtima poyamba ndi mitu ya nyimbozo. Mnyamata wa m'tauni, wokhala pakati pa zida zamagetsi za kutsidya la nyanja, akanatha kuyimba za magalimoto ndi madona. Koma iye anatsegula chimbale chake ndi makolo, ngati munthu amene sayamba ulendo asanatsanzike kwa akulu. Kenaka akubwera nazo nyimbo za munthu woyambitsa mavuto, za usiku wa munthu wosungulumwa, za mmisiri wokhoma mabokosi a maliro, za msodzi, za kutaya ndi kuluza, ndipo potsiriza za kupita kosabwerera. Awa ndi anthu ndi zinthu za pa msika wathu uno. Nyimbo ya Fisherman ikamalira, ine ndimaona amuna a ku Chilwa akukwera njinga mbandakucha, madengu a matemba ndi milamba ali pakaliyala, anthu odziwa kuti nyanja yawo inaumapo mu 1968 ndi mu 1995, ndi kuti chakudya cha mawa chili m'manja mwa Mwini mvula. Nyimbozi zili m'Chingerezi, koma ndi Chingerezi cha mu Lusaka, chotchulidwa ndi lilime la kwathu kuno, chopanda manyazi ndi chopanda kudzikometsera kuti chimveke cha ku London.

Mawu a Tembo si mawu a katswiri wa kwaya, ndipo iye sayesa kudzionetsa ngati wotero. Ndi mawu opepuka, oongoka, onena chimene afuna kunena ndi kuleka. Koma m'menemo ndi mmene muli chinsinsi cha woomba ng'oma akamayimba. Woyimba wamba amayandama pamwamba pa nyimbo, nakoka mawu monga afunira, podziwa kuti wina kumbuyo akumsungira nthawi. Koma munthu amene miyendo ndi manja ake zazolowera kuwerenga, phazi lamanja pa ng'oma yaikulu, lamanzere pa timbale tachitsulo, manja awiri pa timitengo, amaika liwu lililonse pamalo pake penipeni, losatsogola ndi losatsalira. Mverani Trouble Maker: gitala likubwereza chiganizo chimodzi cholemera, besi ikulitsata pambuyo, ndipo mawu akugwa pamodzi ndi kamtengo, kotero kuti simungathe kulekanitsa choyimbidwa ndi choombedwa. Ng'oma zakezo sizichita matama. Iye sathamangira kudzaza mpata uliwonse ndi zokometsera, koma amagunda molunjika ndi mouma, nasunga mphamvu kufikira pamene nyimbo ikhota, pamenepo ndipo amagubuduza manja kamodzi, nabwerera pa mzere wake. Amene anaonapo woomba mbalule wokhwima, amene amadikira phazi la wovina asanayankhe, adzazindikira mwambo womwewo wa kudziletsa.

Pa nyimbo zonse, ziwiri ndi zimene ndimabwererako kawirikawiri. Coffin Maker ili ndi mutu woopsa, koma ng'oma zake siziyenda ngati za pa maliro. Zimapita patsogolo mwamphamvu, monga ipitira ntchito ya mmisiri amene imfa ya mnzake ndiyo chakudya cha ana ake. Pamene inkajambulidwa, palibe ankadziwa kuti patangopita zaka zowerengeka mliri wa Edzi udzasesa maiko athu, ndi kuti m'mbali mwa misewu ya m'matauni athu mudzandandalika mabokosi atsopano, ena aakulu ena aang'ono, akalipentala atasiya kukhoma mipando ndi zitseko. Ife amene tinapyola m'masiku amenewo sitingaimve nyimboyi ngati masewera. Ndipo Gone Forever, imene ikutseka chimbalechi, imayenda pang'onopang'ono, molemera, gitala likubuula. Ndi nyimbo yoti munthu aimvere atakhala pansi, chifukwa imampatsa mpata wokumbukira ake amene anatsogola. Pambuyo pake Tembo anatulutsanso chimbale china, Heavy Connection, ndipo mwa nyimbo zake zina muli Born Black ndi I'm Not Made of Iron, imene mutu wake ukukumbutsa kuti ngakhale munthu wogunda zitsulo usiku wonse ali ndi thupi la mnofu ndi mwazi.

Tembo sanali yekha pa njira imeneyi. Ku Lagos, Tony Allen, amene ankaombera ng'oma Fela Kuti, anatulutsa chimbale chake cha Jealousy mu 1975, mothandizidwa ndi Fela yemweyo ndi gulu lake la Africa 70. Ku England, Ringo Starr wa Beatles anachita bwino ndi chimbale cha Ringo mu 1973, ndipo Phil Collins, amene anthu a kuno amamdziwa bwino chifukwa cha wailesi, anayamba ngati woomba ng'oma wa gulu la Genesis mu 1970 asanatulutse Face Value mu 1981. Koma Starr ndi Collins anali ndi makampani aakulu pambuyo pawo ndi misika ya maiko olemera patsogolo pawo, pamene Tembo anali ndi anzake, zida zochepa, ndi dziko limene chuma chake chinali chitayamba kale kutsetsereka.

Pakuti mtengo wa mkuwa unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo anthu amene ankagula zimbale anayamba kuwerengera ndalama ya ufa. Nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inabweretsa mabomba a asilikali a Rhodesia m'dziko la Zambia, boma linaletsa kuyenda usiku, ndipo magulu amene ankadya za m'mabwalo a zisangalalo anasowa kopita. Disiko inalowa, kalindula anakwera, ndipo mliri uja unatenga oyimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989, ali ndi zaka 40 zokha. Ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika, anatero akale. Ndipo zimbale za Zamrock zinatsala m'makatoni ndi pansi pa mabedi, zikudyedwa ndi fumbi ndi chinyezi.

Koma mawu a akulu akoma akagonera. Patapita zaka zoposa makumi atatu chitulukireni zimbalezo, anthu okonda zimbale zakale a ku Ulaya ndi ku America anayamba kuzifunafuna ndi kuzisindikizanso, ndipo kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsa mu 2017 msonkhanitso wotchedwa Welcome to Zamrock!, mmene dzina la Tembo lilinso. Gulu la WITCH, motsogozedwa ndi Jagari Chanda, linadzukanso nkutulutsa chimbale cha Zango mu 2023. Ndipo mu 2024 woyimba wa ku America Tyler, the Creator anatenga chigawo cha Nizakupanga Ngozi nkuchiika m'nyimbo yake ya Noid, kotero kuti achinyamata a m'maiko akutali anamva Chinyanja, ambiri kwa nthawi yoyamba. Lero mnyamata wa ku Nsanama wokhala ndi foni ndi kandalama ka intaneti angathe kumva My Ancestors yonse atakhala pakhonde, chinthu chimene atate ake sakanachilota.

Nkhani imeneyi ili ndi phunziro kwa ife a Machinga ndi Balaka, amene tili ndi mbiri yathuyathu ya nyimbo. Alleluya Band, imene inayamba ku Balaka mu 1978 pansi pa Bambo Mario Pacifici, inalera Paul Banda, Lucius Banda, Charles Sinetre, Coss Chiwalo ndi ena ambiri. Ndipo mwambo wa kumeneko unali womwewu wa Ngozi Family, wakuti mmodzi wa m'gulu akakhwima, anzake amamuyimbira kumbuyo kuti atulutse chimbale chake. Lucius, amene anatisiya mu 2024, anatuluka pa khomo limenelo, ndipo iyenso, atayambitsa Zembani Band, anatsegulira ena. Ngakhale pa tsiku la msika mudzawaona anyamata a magitala a zigubu ndi babatoni, mmodzi mwa iwo akuponda kathabwa kogunda ng'oma ya chikopa cha mbuzi, dzanja likumenya waya wa zitsekerero za mabotolo. Ndipo ndani adziwa nyimbo zimene zili m'chifuwa mwa mnyamata ameneyo?

Choncho pempho langa kwa atsogoleri a magulu ndi lakuti atengere mtima wa Paul Ngozi, pakuti mtsogoleri sachepa chifukwa chokweza mnzake. Kwa eni masitudiyo ndi oulutsa mawu ndikupempha kuti potchula nyimbo azitchulanso amene anaomba ng'oma ndi amene analiza besi, kuti wantchito alandire mphotho ya dzina lake. Ndipo kwa ife tonse amene tikusunga makaseti a ku Balaka a zaka za m'ma 1980 ndi 1990 m'masutikesi ndi m'makabati, ndikuti tiwatulutse nthawi ikadalipo, tiwasamutsire pa makompyuta, tilembe maina a onse amene anayimbamo pamene owadziwa akali ndi moyo. Pakuti abale athu a ku Zambia anadikira alendo kuti adzawakumbutse za chuma chawo, ndipo ife, amene taona zimenezi ndi maso athu, tidzakhala opanda chowiringula tikalola kuti zathu zitayike.