ANA A ALIMI OWOMBA ZITHUNZI KU HARRANIA

Abale anga alimi, sabata ino tiyambe taika pambali nkhani ya mizere ndi manyowa. Ndifuna ndikuuzeni za mudzi wina wa ku Egypt wotchedwa Harrania, pafupi ndi manda aakulu a mafumu akale a ku Giza. Anthu ake anali alimi monga ife, koma mudziwo unamveka dziko lonse chifukwa cha nsalu za zithunzi zowomba ndi manja, zopachika pakhoma.

Amene anayambitsa ntchitoyi ndi Bambo Ramses Wissa Wassef, wobadwa mu 1911, amene anaphunzira kulemba mapulani a nyumba ku Paris. Cha m'ma 1952 iwo ndi akazi awo, Mayi Sophie, anapeza malo m'mudzimo. Anayamba ndi kucheza ndi ana, kusewera nawo, mpaka anazolowerana. Pambuyo pake anawapatsa timitengo towombera nsalu ndi ulusi wa ubweya wa nkhosa. Sanasankhe ana aluso, anatenga amene anabwera.

Kawombedwe kake nkosavuta kumva kwa inu amene mudziwa kuluka mkeka. Ulusi wina umangidwa choimirira, wothina bwino. Wowomba alowetsa ulusi wamitundumitundu chopingasa ndi zala zake, nautsendereza pansi, pang'onopang'ono, kufikira ulusi woimirira uja ubisika. Chithunzi sachita kupaka pamwamba ayi. Chithunzicho ndiyo nsalu yomwe.

Tsono imvani malamulo atatu amene Bambo Ramses anaika. Loyamba: mwana asayambe wajambula papepala chimene afuna kuwomba. Lachiwiri: asatengere zithunzi za anthu ena. Lachitatu: munthu wamkulu asamdzudzule kapena kumkonzera. Lachitatuli ndilo londivuta ine, pakuti ntchito yanga ndiyo kuyenda m'minda ndi kunena kuti apa mwalakwa, apo mwatalikitsa mapando. Ndipo ndani wa ife sanalandepo khasu m'manja mwa mwana ndi kunena kuti bwera nalo, ukuononga?

Koma bambo ameneyu anakhulupirira kuti munthu aliyense abadwa ndi mphamvu yopanga chinthu chokongola, ndipo kuti mphamvuyo imafa mwana akamangouzidwa kutsanzira akulu. Iye anali Mkhristu wa mpingo wakale wa Copt, pamene ambiri m'mudzimo anali Asilamu, ndipo zimenezi sizinawalekanitse. Taganizani munthu akhala pansi miyezi yambiri, nthawi zina chaka, alibe pepala loyang'anapo. Ayamba pansi nakwera, ndipo zimene wawomba kale sangafute monga afuta pa sileti. Chithunzi chonse ayenera kuchisunga mumtima, tsiku ndi tsiku, kufikira atsiriza. Ine ndiona kuti kukhala chete kotereku, ndi kupirira kwake, sikusiyana kwambiri ndi kupemphera.

Nanga anawo anawomba chiyani? Zimene anaziona m'mawa uliwonse: mitengo ya kanjedza, ngamila, njati zoweta zili m'madzi, atsekwe, amayi pamsika, anthu akukolola. Poyamba miyendo ya nyama inali yokhota, ndipo palibe anawaseka. Patapita zaka zowerengeka nsalu zawo zinaonetsedwa ku Cairo ndi ku maiko a ku Ulaya, anthu nazigula. Owombawo analandira malipiro ali pamudzi pawo pomwe.

Chimene chindikondweretsa koposa ndi dimba lawo. Bambo Ramses anakana utoto wa m'sitolo, nabzala mbewu za utoto monga anachitira makolo a dzikolo. Kufiira kuchokera ku mizu ya mbewu yotchedwa madder, imene ifuna zaka ziwiri kapena zitatu m'nthaka musanaikumbe. Chikasu chichokera ku masamba ndi maluwa a reseda. Mtundu wa mtambo uchokera ku indigo, ndipo utotowu uli ndi chodabwitsa: ubweya utuluka mumphika uli wobiriwira motuwa, koma ukangokhudzana ndi mpweya usanduka wa mtambo inu mukuona. Mukafuna wobiriwira ngati msipu, munyika ubweya kawiri, mu indigo ndi mu chikasu. Mitundu yambiri siigwira ubweya pokhapokha mutayamba mwauphika ndi mchere wina wotchedwa alum. Chotero nsalu imene ipachikidwa m'nyumba yaikulu ku London iyambira kwa mbusa wa nkhosa ndi kwa munthu wothirira dimba.

Ngakhale nyumba zowomberamo anazimanga ndi zidina, madenga ake ozungulira ngati mphika wovundikira, opanda malata, kuti m'kati muzikhala mozizira. Mu 1983 nyumbazi zinalandira mphotho ya Aga Khan ya kamangidwe kabwino.

Bambo Ramses anamwalira mu 1974, osaiona mphothoyo. Ntchito inatsala m'manja mwa Mayi Sophie ndi ana awo aakazi awiri, Suzanne ndi Yoanna. Suzanne anasonkhanitsa gulu lachiwiri la ana owomba ndi ubweya, Yoanna naphunzitsa ena kuwomba ndi thonje. Ena mwa ana oyamba aja anawombabe kufikira ali ndi imvi ndi adzukulu, osagwirapo pepala lojambulira.