Katundu wogona m'nyumba: wina perekani, wina gulitsani, wina muitanireni apolisi

ULÓNGUÈ — Mwezi wa Meyi ukamatha, chimanga chikalowa m'masaka ndipo mbatata ya kachewere ikakumbidwa, mabanja ambiri kuno ku Angónia amasowa poika zokolola. Ambiri anasiya nkhokwe zapanja poopa akuba, ndiye chimanga chimagona m'nyumba momwe mukugona anthu. Tsono m'nyumbamo malo anatha kale. Kuseri kwa chitseko kuli njinga yopanda matayala. Pansi pa bedi pali sutikesi ya zovala zimene ana anazikula. Kudenga kwatsomekedwa makasu akutha, wailesi yakufa ndi mapoto obooka.

Katundu ameneyu sadya nsima, koma amadya malo. Amasunga makoswe, ndipo makoswewo ndi amene amaboola masaka a chimanga. Nkhani yathu lero ndi yakuti katundu wotere timutani.

Tinaphunzira kusunga pa nkhondo

Munthu asafulumire kuseka agogo amene akukana kutaya chigubu chong'aluka. Pa nthawi ya nkhondo, anthu oposa miliyoni imodzi a dziko lino anathawira ku Malawi, ndipo ambiri a ku Angónia anakakhala m'maboma a Dedza ndi Ntcheu. Anasiya ng'ombe, nyumba ndi ziwiya. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okotobala 1992, anthu anayamba kubwerera, ena pansi, ena pa njinga, atasenza mabulangeti, mapoto ndi malona amene analandira kothawirako. Pofika kwawo anapeza mabwinja. Msomali umodzi unali chuma, ndipo thumba lopanda kanthu linali chitseko.

Amene anadutsa m'zimenezi sataya kanthu msanga, ndipo tiwamvetse. Koma papita zaka zoposa 30, ndipo kusunga kwina kwasanduka kuwononga.

Chitsanzo ndi ndalama. Pa 1 Julayi 2006 boma linatulutsa metikali yatsopano, ndipo mametikali 1,000 akale anasanduka metikali imodzi. Anthu anapatsidwa nthawi yokasintha ku banki, nthawiyo inatha. Amene anakwirira ndalama zakale m'chitini ali ndi mapepala chabe. Katundu winanso amatero. Jekete likakhala m'sutikesi zaka zisanu limadyedwa ndi njenjete. Felemu ya njinga imachita dzimbiri. Mpando woduka mwendo umatha ndi chiswe. Chimene chikadathandiza munthu chaka chino, chaka chamawa ndi chakudzala.

Tinalandira, nafenso tipereke

Dzina loti kalamidade, limene timatchula zovala zakaunjika, lili ndi mbiri. Linachokera ku DPCCN, nthambi ya boma imene inkaona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo m'zaka za m'ma 1980 inkagawa thandizo kwa ovutika ndi chilala ndi nkhondo. Zovala za thandizolo zinali za anthu a kunja amene anatsegula masutikesi awo n'kuchotsamo zimene sankavalanso. Bungwe la ADPP, limene linayamba ntchito m'dziko lino mu 1982, limagulitsa zovala zotere n'kugwiritsa ntchito ndalamazo pa zitukuko, monga masukulu ophunzitsa aphunzitsi. Ku Malawi bungwe lofanana nalo ndi DAPP.

Tsono ngati juzi yochokera ku Ulaya inafunditsa mwana wa ku Dómuè, bwanji juzi yogona m'nyumba mwanu isafunditse mwana wa mudzi womwewo? Kuno ndi kumapiri. Mu Juni ndi Julayi chisanu chimaluma, ndipo ana ambiri amapita kusukulu m'mamawa atavala malaya amodzi. Pa Chichewa timati kupatsa n'kuika.

Popereka pali zoyenera kutsata. Chovala chichapidwe, chisokedwe pong'ambika, mabatani aikidwe. Sanza si mphatso, ndipo wosauka si dzala. Yambani ndi apafupi: ana amasiye, nkhalamba zopanda owasamala, banja limene nyumba yawo yapsa. Ngati mukuopa kuchititsa munthu manyazi, perekani kudzera kwa amayi a mumpingo kapena kwa anyakwawa, amene amadziwa khomo lililonse. Mabuku akale a sukulu apite kwa mwana wa kalasi yam'munsi.

Ngozi nazo sizinathe. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anakokolola mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize, ndipo mabanja ambiri anataya zonse. Pa nthawi zotere a Cruz Vermelha ndi mipingo amapempha zovala, zofunda ndi ziwiya. Banja limene linasankhiratu zopereka silichedwa kuyankha.

Zina ndi ndalama

Si zonse zoyenera kungopereka. M'misika ya m'malire, monga ku Lizulu ndi ku Calómuè, ndiponso pa msika wa Ulónguè, chinthu chakale chili ndi wochifuna. Okonza njinga amagula mahabu, maheni ndi mafelemu. Osula zitsulo amasandutsa khasu lakutha kukhala kambwiri kapena mpeni. Amisiri a ndowa amapanga mbaula kuchokera ku malata akale. Matayala akutha amakhala nkhwaira ndi malamba omangira katundu. Okonza mawailesi ndi mafoni amachotsa zipangizo m'zakufa. Ndipo pali ogula zitsulo pa sikelo amene amayenda m'midzi.

Musanagulitse, funsani mtengo kwa anthu awiri kapena atatu. Aluminiyamu wa mapoto ndi kopa wa mawaya ali ndi mtengo woposa chitsulo wamba, ndiye musalole kuti ziyezedwe pamodzi. Ngati mwawoloka malire, dziwiranitu mmene kwacha ikusinthidwira ndi metikali tsiku limenelo. Nenani zoona za chimene mukugulitsa, pakuti wogula ndi mnzanu amene mudzakumana naye pa maliro.

Chinanso, m'nyumba simukhala munthu mmodzi. Bambo asagulitse makina osokera a mayi chifukwa choti akhala osagwira ntchito, ndipo ana asatole za agogo agogowo ali kumunda. Za katundu wa malemu ndiye mpofunika kufatsa kwambiri. Kugawana zovala za malemu ndi mwambo wathu, koma kusesa nyumba yonse n'kusiya wamasiye pa mphasa ndi kulanda. Lamulo la zamasiye la mu 2019 linaika mkazi kapena mwamuna wotsala pamzere woyamba wa olandira chuma, pamodzi ndi ana.

Zosapereka ndi zosagulitsa

Pali katundu wina amene sayenera kupita kwa mnansi kapena ku msika. Woyamba ndi zida za nkhondo.

Dziko lino linaonetsa kale njira. Mu 1995 bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, linayambitsa ntchito yotchedwa TAE, kutanthauza kusandutsa zida kukhala makasu. Munthu ankabweretsa mfuti imene anabisa kudenga kapena kuikwirira kumunda, osafunsidwa kumene anaitenga, n'kulandira khasu, njinga, malata kapena makina osokera. Zida zoposa 600,000 zinasonkhanitsidwa. Mfutizo zinkadulidwa, ndipo amisiri a ku Maputo anaumba nazo zinthu zoonetsa. Mpando umene Cristóvão Canhavato anapanga ndi mfuti mu 2001 unatengedwa ndi British Museum ya ku London. Mfuti yobisidwa inkangodikira ngozi, koma njinga inanyamula mbatata kupita ku msika.

Mu Seputembala 2015 boma linalengeza kuti malo onse odziwika a mabomba okwirira achotsedwa. Izi sizikutanthauza kuti chipolopolo kapena bomba lakale silingatuluke polima kapena pogwetsa nyumba yakale. Mukapeza chitsulo chimene simukuchidziwa, musachigwire, musachimenye ndi nyundo, musachiike pamoto, ndipo musachipereke kwa ogula zitsulo. Thamangitsani ana, ikani chizindikiro, kauzeni amfumu ndi apolisi.

Wachiwiri ndi mankhwala. Kuno timalima fodya, mbatata ndi tomato, ndipo zigubu za mankhwala ophera tizilombo zili paliponse. Chigubu chotere chisasungire madzi, mkaka, mafuta ophikira kapena kachasu, ngakhale chitatsukidwa ndi sopo. Chitsukuluzeni katatu, madziwo muthire mu mpope wopopera mbewu, kenako chibooleni kuti wina asachitole. Mankhwala otsala funsani alangizi a zaulimi. Mapiritsi akale a kuchipatala musagawire mnzanu chifukwa choti naye akutsokomola. Abwezeni ku chipatala. Mabatire a galimoto ndi a sola ali ndi asidi ndi mtovu, ndiye asaswedwe pabwalo posewera ana.

Tsiku limodzi ladzuwa

Ntchito yonseyi imafuna tsiku limodzi lopanda mvula, ndipo nyengo ino masiku otere ndi ambiri. Tulutsani zonse pabwalo, banja lonse lilipo. Pa chinthu chilichonse funsanani kuti chinagwira ntchito liti. Ngati dzinja ladutsa kawiri chisanakhudzidwe, chipezereni kopita. Zokumbukira makolo sungani, koma zikwane m'bokosi limodzi. Mapepala a munda, makadi a kuchipatala ndi ziphaso aikeni m'pulasitiki pamalo ouma.

Mukatero sesani, tsekani mauna a makoswe, zirani pansi, ndipo masaka a chimanga muwasanje pa mitengo, osati pa dothi kapena kutsamira khoma. Zopereka zituluke sabata yomweyo, chisanu cha Juni chisanafike pachimake.