Kuteteza Agalu ku Phokoso la Makombola

Mawu oyamba

Usiku wa pa 31 Disembala anthu ambiri m'chigawo chino cha Africa amaphulitsa makombola polandira chaka chatsopano. Ku South Africa ena amaphulitsanso pa chikondwerero cha Diwali ndi pa 5 Novembala, tsiku la Guy Fawkes. Miyezi yomweyi ndi ya mvula ya mabingu. M'phunziro lino tiona chifukwa chake agalu amaopa phokosoli, komanso zimene inu aphunzitsi mungauze ophunzira anu asanatsekere sukulu.

N'chifukwa chiyani galu amaopa?

Khutu la galu ndi lakuthwa kuposa lathu. Munthu amamva mawu okwera mpaka 20,000 hertz, pamene galu amamva opitirira 40,000 hertz. Kuwonjezera apo, makombola amaphulika mwadzidzidzi, ndipo galu sadziwa kumene phokosolo likuchokera kapena nthawi imene lidzathe. Choncho amanjenjemera, amapuma mwawefuwefu, amachucha dovu, amabisala, mwinanso kulumpha mpanda n'kuthawa.

Apa ndiye pagona vuto. Galu wothawa amagundidwa ndi galimoto kapena kusochera. Akafika kwa eni ali dovu chuchuchu, anthu angamugende poyesa kuti ndi wachiwewe. Komanso galu wamantha akapanikizidwa amaluma, ngakhale mwana amene amasewera naye tsiku ndi tsiku.

Zoyenera kuchita

1. Mpatseni galu chakudya kusanade, ndipo mulowetseni m'khitchini kapena m'chipinda chimene anachizolowera. Muikireni madzi ndi chiguduli chogonapo.
2. Tsekani zitseko ndi mawindo, n'kutsegula wailesi kuti iphimbeko phokoso lakunja.
3. Musamumangirire panja. Polimbana ndi chingwe kapena tcheni angadzipotokole khosi.
4. Akabisala kunsi kwa bedi, musiyeni konko. Musamukoke, musamukalipire, musamumenye.
5. Musamupatse mankhwala a anthu monga ibuprofen, chifukwa amawononga impso ndi m'mimba mwa galu. Funsani alangizi a ziweto.

Gawo lanu ngati mphunzitsi

Amene amakonda kuphulitsa makombola ndi ana, ndipo amene amalumidwa kawirikawiri ndi ana omwewo. Auzeni kuti kuponyera galu makombola si masewera koma nkhanza. Ku South Africa lamulo la Animals Protection Act la 1962 limaletsa kuzunza kapena kuopseza nyama.

Atsindikireninso kuti galu akawaluma asabise poopa kukalipiridwa. Atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Chiwewe chimapeweka ndi katemera, koma zizindikiro zake zikayamba kuoneka, pafupifupi aliyense amamwalira.

Ntchito

Funsani ophunzira anu kuti afotokoze zimene agalu akwawo amachita kukamagunda mabingu. Kenaka, m'magulu, akonze sewero lalifupi loonetsa banja likukonzekeretsa galu wawo madzulo a pa 31 Disembala. Lembani m'kope lanu maganizo olakwika amene mwamva kwa ophunzirawo ndi mmene mwawawongolera.