Mtsempha Waukulu wa Mwazi ndi Zovuta Zodza Atausoka

Anzanga, tonse tidziwa kuti madzi amene timwa m'tauni ya Zomba atsika ndi mipope kuchokera ku damu la Mulunguzi, pamwamba pa phiri. M'thupi mwa munthu mulinso mpope waukulu, umene madokotala autcha aorta. Uchokera ku mtima, nutsika motsata msana, ndipo pofika cha pa mchombo ugawika pawiri kunka ku miyendo.

Nthawi zina, makamaka mwa okalamba ndi osuta fodya, mtsempha uwu ufooka nutupa ngati chubu chakale cha njinga. Ukaphulika, munthu afa msanga. Ndiyo nthenda imene inapha Albert Einstein m'chaka cha 1955. M'chaka cha 1951 dokotala wa ku Paris, Charles Dubost, anadula potupapo nalumikizapo mtsempha wotengedwa m'thupi la munthu wakufa. Pambuyo pake Michael DeBakey wa ku Houston anayamba kusokerapo mpope wa nsalu yotchedwa Dacron, ndipo ambiri anapulumuka.

Koma mwa anthu owerengeka zovuta zidza m'mbuyo, mwina patapita zaka. Choyamba, tizilombo tingaswane pa nsaluyo, ndipo popeza nsalu ilibe mwazi, mankhwala safikapo bwino. Chachiwiri ndicho choopsa koposa. Matumbo oyamba, otuluka m'chifu, agona pamwamba penipeni pa mtsemphawo. Mpope ukamagunda usana ndi usiku ukhula matumbowo mpaka kuwaboola, ndipo mwazi ulowamo. Kawirikawiri munthu ayamba wasanza mwazi pang'ono, kapena achita chimbudzi chakuda bii, kenaka zileka. Patapita maola kapena masiku mwazi utuluka wochuluka.

Pamenepo dokotala atsegulanso mimba, nasoka bowo la m'matumbo, nachotsa nsaluyo. Kuti miyendo isafe, alambalalitsa mwazi poika mpope watsopano pansi pa khungu, kuchokera ku mtsempha wa cha m'khwapa kufika ku mitsempha ya m'ntchafu. Kapena atenga mtsempha wa m'ntchafu ya wodwala yemweyo napanga nawo njira yatsopano. Pakati pa matumbo ndi mtsempha ayalapo mafuta a m'mimba kuti zisakhulanenso.

Tsono ngati kwanu kuli agogo kapena amalume amene anawasoka mtsempha umenewu, ndipo asanza mwazi ngakhale pang'ono, musadikire kuti kuche. Fulumirani nawo ku chipatala chachikulu cha Zomba, ndipo mukawauze madokotala za opaleshoni yakaleyo.

Wophunzira wa Folomu 4